Kwa mayi amene mwana wawo akudzuka atatupa zikope

Mayi, mwati mwana wanu wa zaka 5 akumadzuka zikope zitatupa, pofika madzulo mapazi akukana nsapato, mkodzo ukuchita thovu, ndipo apongozi anu akuti ndi tsempho. Mwana wa achemwali anga ku Santhe anadwala chimodzimodzi.

Ifenso tinayamba ndi kulozana zala. Alamu anga anakhazikidwa pansi, achemwali n'kumafunsidwa za mchere wa m'ndiwo. Milungu itatu inathera pa milandu, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tsiku lina ndinadinikiza chala pamwendo wa mwanayo, panatsala kadzenje kosabwerera msanga. Ku chipatala cha boma ku Kasungu anaviika kapepala mumkodzo, kanasintha mtundu pomwepo. Anati mapuloteni akutayika.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Nthawi zina chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuvulaza timasefato, ndiye mapuloteni amadonthera mumkodzo. Thovu lija n'limenelo. Magazi akachepa mapuloteni satha kusunga madzi, madziwo amathawira mumnofu. Madokotala amati nephrotic syndrome. Pali matenda ena apachibale pake. Lupus imakonda atsikana ndi amayi achichepere. IgA nephropathy, imene Jean Berger wa ku France anaifotokoza mu 1968, imadetsa mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka munthu akadwala chimfine. Musasokoneze ndi likodzo, limene magazi ake ofiira amatuluka pomaliza kukodza.

Wanuyo sindingamuyeze pa foni, koma pitani naye mawa lomwe. Tengani buku lake la kuchipatala, mukapemphe ayeze mkodzo, magazi ndi BP.

Wathu anamupatsa prednisolone. Kutupa kunaphwa, koma masaya anafufuma ndipo nsima sinkamukwana. Achemwali anaopa, anafuna kusiya mankhwala. Chonde musadzatero. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi, adokotala amachepetsa pang'onopang'ono. Matendawa amathanso kubwerera, wathu anatupanso kawiri.

Chepetsani mchere. Brufeni ndi diclofenac za pagolosale ayi, zitsamba zomwetsa ayinso, impso zatopa kale. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe musazengereze, si onse opita kumeneko amene amaikidwa pa makina osefa magazi. Akatentha thupi, akadandaula m'mimba kapena mkodzo ukachepa kwambiri, musadikire kuti kuche, funani njinga usiku womwewo.