Kwa wophunzira psychology amene akuopa phunziro la njira zochitira kafukufuku

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a psychology (a za maganizo ndi khalidwe la munthu) pa yunivesite ina kuno kumudzi. Iye akuti anasankha maphunzirowa chifukwa akufuna kudzakhala mlangizi wa anthu amene ali ndi nkhawa ndi mavuto ena a m'maganizo, koma tsopano wakumana ndi phunziro la njira zochitira kafukufuku, ndipo likumuzunguza mutu. Akufunsa ngati phunziroli lili ndi ntchito kwa munthu amene alibe cholinga chodzakhala wofufuza, ndiponso ngati munthu amene masamu sankamuyendera bwino kusekondale angathe kulikhoza. Kumapeto kwa kalatayo wafunsanso ngati n'koyenera kuti ayambe kusunga ndalama zogulira SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera ziwerengero za kafukufuku.

Achemwali, zikomo kwambiri polemba. Ndikuona kuti mantha anu akuchokera pa maganizo akuti phunziroli ndi masamu okhaokha amene angopatsidwa dzina lina. Masamu alimo ndithu, koma amabwera kumapeto, ndipo ntchito yaikulu yowerengera imagwiridwa ndi kompyuta. Chimene aphunzitsi anu akufuna kuti chikhazikike mwa inu ndi chizolowezi chofunsa funso limodzi nthawi iliyonse pamene munthu, ngakhale inu nomwe, wanena kuti wapeza chimene chimayambitsa khalidwe linalake: kodi zimene taonazi sizingakhale kuti zachitika pa chifukwa china? Mitu yonse imene ili m'buku lanu, kuyambira pa kasankhidwe ka anthu oyankha mafunso mpaka pa ziwerengero, ndi njira zochotsera zifukwa zinazo chimodzi ndi chimodzi.

Nkhani ya kavalo wina wa ku Berlin imaonetsa bwino zimenezi. Kavaloyo, dzina lake Hans, ankaoneka ngati amadziwa masamu, chifukwa mwini wake, Wilhelm von Osten, akamufunsa funso la kuphatikiza kapena kuchotsera, iye ankagogoda pansi ndi chiboda mpaka kufika pa nambala yoyenera n'kusiya. M'chaka cha 1904 gulu la anthu 13 linamuyesa n'kunena kuti panalibe chinyengo chilichonse, ndipo silinaname, pakuti mwini wakeyo sankabera. Amene anaulula chinsinsi anali Oskar Pfungst, yemwe ankagwira ntchito pansi pa pulofesa Carl Stumpf. Iye anasintha kayesedwe kake: nthawi zina wofunsa ankadziwa yankho, nthawi zina ankakonza zoti wofunsayo asalidziwe, ndipo nthawi zina ankatchinga maso a kavaloyo kuti asaone munthu. Wofunsa akadziwa yankho, Hans ankakhoza mafunso pafupifupi 9 pa 10 alionse, koma akapanda kulidziwa ankakhoza 6 okha pa 100. Zinapezeka kuti kavaloyo ankayang'anitsitsa wofunsa, amene mosazindikira ankawerama pang'ono kugogoda kukayamba, n'kudzutsa mutu pamene kwafika pa nambala imene ankayembekezera. Pfungst anasindikiza zimenezi mu 1907. Taonani kuti masamu amene anagwiritsa ntchito anali ongowerenga mayankho olondola ndi olakwa. Luso lonse linali pa mmene anakonzera mayesowo.

Tsopano ganizirani za ntchito imene mukuilakalakayo. Munthu adzabwera kwa inu ali wosweka mtima, mudzacheza naye kwa milungu ingapo, ndipo adzakuuzani kuti akupezako bwino. Mtima wanu udzafuna kukhulupirira kuti njira yanu ya uphungu ndiyo yamuchiza. Mwina zidzakhaladi choncho, koma anthu amapita kwa mlangizi pamene vuto lafika pachimake, ndipo ambiri amayamba kupezako bwino pakapita nthawi ngakhale popanda thandizo. Ena adzanena kuti achira chifukwa cha ulemu, posafuna kukukhumudwitsani, zimene kwathu kuno n'zofala kwambiri pamaso pa munthu wophunzira. Ndipo amene simunawathandize sadzabweranso, kotero kuti amene mudzawakumbukire ndi okhawo amene zinthu zinawayendera. Mlangizi amene sanaphunzire kukayikira zimene maso ake akuona akhoza kugwiritsa ntchito njira yosathandiza moyo wake wonse ali ndi chikumbumtima choyera, monga mmene analili von Osten.

N'chifukwa chake ofufuza amakhala ndi gulu loyerekezera, ndipo amagawa anthu pochita mayere. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda ndi anzake anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene amayi achikulire ophunzitsidwa uphungu amacheza ndi odwala pabenchi kunja kwa chipatala. Akanatha kungosonkhanitsa maumboni a anthu oyamikira, koma iwo anatenga zipatala 24 za mumzinda wa Harare n'kuzigawa mwa mayere, 12 zipereke uphungu wa pabenchiwo ndipo 12 zipereke thandizo la masiku onse lowonjezeredwa pang'ono. Anthu 573 anatenga nawo mbali. Patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 pa 100 a m'gulu la pabenchi ndiwo anali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 a m'gulu linalo, ndipo zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016. Mayere ndiwo amachititsa kuti tikhulupirire kusiyanaku, chifukwa palibe munthu amene anasankha kuti zipatala zokhala ndi odwala osavuta zipite mbali imodzi.

Mbali imene ndikufuna muiikirepo mtima kwambiri, ngakhale kuti ophunzira ambiri amaidutsa mothamanga, ndi ya zida zoyezera. Mu psychology timayeza zinthu zosagwirika monga nkhawa, nzeru ndi kudzidalira, ndipo chida chimene chimayeza bwino kwina chikhoza kuyeza chinthu chinanso kuno. Robert Serpell, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa University of Zambia, anasindikiza kafukufuku mu 1979 woyerekeza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester pa luso lotengera maonekedwe a chinthu. Atawapatsa pepala ndi pensulo, ana a ku England anachita bwino kuposa anzawo. Atawapatsa mawaya kuti apinde, ana a ku Zambia, amene anazolowera kupanga magalimoto a mawaya, ndiwo anapambana. Atawapatsa dongo, magulu onse awiri anafanana. Wofufuza amene akanangogwiritsa ntchito pepala ndi pensulo akanalemba kuti ana a ku Africa ali m'mbuyo, ndipo ziwerengero zake zikanakhala zolondola ngakhale kuti mfundo yake ikanakhala yabodza. Serpell yemweyo anapitanso m'midzi ya Achewa m'boma la Katete, kumene ankafunsa akuluakulu kuti ndi mwana uti amene angamutume ntchito inayake komanso chifukwa chake, ndipo anapeza kuti iwo poyesa mwana amayang'ananso kudalirika ndi mtima wothandiza. Kumeneko kunali kufufuza kwa kucheza ndi anthu, kumene ophunzira ena amakuthawira poganiza kuti n'kosavuta chifukwa kulibe masamu, pamene kumafuna kusamala kofanana ndi kwinako.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu chifukwa mabuku amene mukuwerenga anachokera kumbali imodzi ya dziko. Katswiri wina wa psychology, Jeffrey Arnett, atawerenga magazini akuluakulu a psychology mu 2008 anapeza kuti anthu pafupifupi 96 pa 100 amene anafufuzidwa anali a m'mayiko olemera a Azungu, amene muli anthu pafupifupi 12 okha pa 100 a padziko lonse. Choncho mukatenga pepala la mafunso pa intaneti, musalithamangire. Munthu mmodzi alimasulire m'Chichewa, wina amene sanaone loyambalo alibwezere m'Chingerezi, muyerekeze awiriwo, kenaka muliyese pa anthu ochepa n'kuwafunsa kuti funso lililonse alimva bwanji.

Tiyeni tiyerekeze kuti mwasankha kufufuza ngati kukhala pa foni usiku kumakhudzana ndi nkhawa pakati pa ophunzira anzanu. Mwakonza mafunso pa Google Forms, mwatumiza m'magulu a WhatsApp, ndipo mwapeza kuti amene amachezera pa foni ndiwo ali ndi nkhawa yambiri. Musanasangalale, funsani funso lija. Oyankhawo ndi okhawo amene ali ndi foni yamakono, bandulo ndi nthawi, ndipo ambiri ndi anzanu. Kuwonjezera apo, n'kutheka kuti nkhawa ndiyo ikuwasowetsa tulo n'kuwachititsa kutenga foni, kapena kuti pali chinthu chachitatu, monga ngongole ya fizi, chimene chikuyambitsa zonse ziwiri. Zimenezi sizikutanthauza kuti kafukufuku wanuyo ndi wachabechabe. Zikungotanthauza kuti polemba mudzanena kuti zinthu ziwirizi zimapezeka pamodzi mwa anthu amene anayankha, osati kuti china chimayambitsa chinzake, ndipo woyang'anira wanu adzakupatsani malikisi chifukwa cha kusamala kumeneko.

Pa nkhani ya masamu, amene mukufunikira ndi a kuphatikiza, kugawa, maperesenti ndi kuwerenga galafu, ndipo amenewa munawadutsa kale pa MSCE. Chovuta ndi kumvetsa tanthauzo la nambala imene kompyuta yakupatsani, makamaka ija yotchedwa p. Nambalayi imayankha funso ili: pakanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni pakati pa magulu awiri, kodi kusiyana kwakukulu ngati kumene ndapezaku kukanabwera kangati mwangozi? Ikakhala yochepera 0.05 anthu anagwirizana kuti aziiwerengera, koma siikuuzani kuti maganizo anu ndi oona, kapena kuti kusiyanako n'kwakukulu moti kungasinthe moyo wa munthu. Ndiponso n'kosavuta kuinyengerera. Mu 2011 Joseph Simmons, Leif Nelson ndi Uri Simonsohn anaonetsa kuti wofufuza akamawonjezera anthu pang'onopang'ono uku akusuzumira zotsatira, akamayeza zinthu zingapo n'kulemba chokhacho chimene chatuluka bwino, mwayi wopeza chinthu chimene kulibe umakwera kuchoka pa 5 kufika pafupifupi 61 pa 100. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Brian Nosek linabwereza kafukufuku 100 wosindikizidwa m'magazini otchuka. Mwa oyambawo 97 anali atanena kuti apeza zotsatira zowerengeredwa, koma pobwereza zinapezekanso mwa pafupifupi 36 okha pa 100. Awa anali akatswiri odziwa masamu kuposa inu ndi ine, ndipo chimene chinawagwetsa ambiri chinali kuchepa kwa anthu ofufuzidwa ndi kusankha njira atawona kale mayankho. Inu zolowerani kulemba papepala funso lanu, chiwerengero cha anthu ndi njira yowerengera musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo pepalalo mulionetse kwa mphunzitsi wanu.

Njira yophunzirira imene ndimalimbikitsa ndi yowerenga kafukufuku weniweni mmodzi pa sabata, kuyambira pa gawo lofotokoza mmene anachitira, osati pa zimene anapeza. Lembani m'mawu anuanu kuti anafufuza ndani, anawapeza bwanji, anayeza chiyani ndi chida chotani, ndipo anayerekeza ndi yani. Mukatero yesani kupeza chifukwa china chimene chingafotokoze zotsatirazo, makamaka mukamakambirana ndi anzanu awiri kapena atatu, chifukwa chimene wina sanachione mnzake amachiona. Kuloweza matanthauzo a mawu usiku wa mayeso kungakudutsitseni chaka chino, koma kudzakusiyani pa mphambano m'chaka chomaliza pamene mudzafunika kukonza kafukufuku wanuwanu.

Pofika nthawi imeneyo musadzafunse anthu musanalandire chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa. Mayunivesite athu akuluakulu ali ndi makomiti otere, ndipo bungwe la National Commission for Science and Technology ndilo limayang'anira nkhanizi m'dziko muno. Aliyense ayenera kuuzidwa cholinga chanu m'chilankhulo chimene akumva, adziwe kuti akhoza kukana kapena kusiyira panjira, ndipo dzina lake lisalembedwe pa pepala la mayankho. Ngati mafunso anu akukhudza nkhanza kapena maganizo ofuna kudzipha, muyenera kudziwiratu kumene mungatumize munthu amene waulula kuti ali pachiopsezo.

Za SPSS, musagule. Funsani kaye ngati ilipo m'chipinda cha makompyuta cha pasukulu panu, popeza aphunzitsi ambiri amaphunzitsira imeneyo. Pa kompyuta yanu ikani jamovi kapena JASP, mapulogalamu a ntchito yomweyo amene ndi aulere, amagwira ntchito popanda intaneti mukangowaika, ndipo amachita zonse zimene wophunzira wa digiri yoyamba angafune. Ndalama mwasungazo mudzazifuna posindikiza mapepala a mafunso ndi pa thiransipoti yopita kumene kuli anthu amene simungawapeze pa WhatsApp.