Funsani Azakhali: Malalanje obiriwira a ku Chipoka

Funso: Azakhali, kwathu ndi ku Neno koma ndili pa chitengwa ku Chipoka. Pakhomo pa apongozi pali mitengo iwiri ya malalanje. Juni wafika, zipatso zidakali zobiriwira. Ndinathyola ena n'kuwavundika m'thumba ngati nthochi, sabata yatha sanasinthe. Apongozi akungondiseka. Kodi mitengoyi ikudwala? — Mtengwa, Chipoka

Yankho: Mwana wanga, mitengoyo ili bwinobwino, ndipo apongozi akowo asiye aseke. Malalanjewo mwina anapsa kalekale, iwe n'kumadikira mtundu.

Khungu la lalanje limafiira chifukwa cha kuzizira kwa usiku. Chisanu chikatsika kufika pa madigiri 13 kapena kucheperapo, kubiriwira kuja kumachoka. Kumapiri kwanu ku Neno zimenezi zimachitika, n'chifukwa chake unakula ukuona manachesi akuwala mumtengo. Kuno kunyanja tili kumunsi. Zimene timati kuzizira ife a ku Salima, munthu wa ku Dedza angavule nazo juzi. Ndiye lalanje limatsekemera m'kati, kunja lili biriwiri.

Za kuvundikazo leka. Nthochi, mango ndi mapapaya zimapitiriza kupsa zitathyoledwa, koma lalanje, nachesi ndi ndimu ayi. Shuga amene linali naye tsiku lothyola ndi yemweyo basi. M'thumbamo lingofota kapena kuchita nkhungu. Mawa m'mawa thyola limodzi, ulidule, ulawe. Likawawasa, enawo uwasiye mumtengo masabata awiri kapena atatu.

Pamsika ine sindiyang'ana mtundu. Ndimanyamula awiri ofanana kukula, kwina limodzi kwina limodzi, lolemera ndiye lamadzi. Nachesi wofutukuka khungu, wopepuka ngati mpira wa mapepala, musiye pamulu pomwepo, wogulitsa akome mtima bwanji. Manachesi abwino ambiri amachokera ku Mwanza, ndipo akafika pamsika wa Kamuzu Road ku Salima kuno mulu woyamba umakhala wanga. Ndimapemphanso banyira, manyazi ndinawasiya ndili mtsikana.

Koma chimene chandikhudza m'kalata yako ndi china. Wakhala ukuyembekezera Juni wa ku Neno, pamene Juni wa kunyanja akukudutsa. Mwezi uno mwera ukuwomba, asodzi akoka mabwato, usipa wakwera mtengo. Mpunga wakololedwa. Thukuta lija la Okutobala, logona nalo pamphasa panja, kulibe. Ine nthawi ya 7 koloko m'mawa ndimakhala pakhonde la kum'mawa, chitenje pamapewa, kuothera dzuwa. Pambali mbatata yootcha ya pambaula, tiyi wofinyira ndimu. Nachesi ndimamusenda ndi chala chachikulu, timadzi ta m'khungu tija n'kuthovokera padzuwa ngati utsi. Adzukulu anga amafinyirana makoko m'maso n'kumalira, mawa abwerezanso. Makoko otsala ndimaponya pamakala kuti m'khitchini mununkhire.

Wina akakuuza kuti malalanje amachiza chimfine, usamutsutse pagulu, koma dziwa kuti sachiza. Ali ndi vitamini C wothandiza thupi, zoona, koma mwana akatentha thupi kunyanja kuno thamanga naye kukayezetsa malungo, ndimu abwere pambuyo.

Tsono thumba lija ukakhuthule. Usankhe lalanje lolemera, ulidule panayi, upereke kwa apongozi pambale utagwada. Funso lakuti mtengo wotsekemera kwambiri ndi uti pa iwiriyo ukawafunse iwowo, anaubzala ndi iwo.