Rediyeta yadzaza fumbi kunja: kutsuka kwake ndi kuiteteza

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilenje, kuno ku Lusaka, amene ali ndi Toyota Corolla ya kaunjika yochokera ku Japan. Akuti: "Masana ndikaima pamdipiti wa magalimoto mu Great East Road, muvi wa kutentha ukumakwera kupitirira pakati, chonsecho madzi sakuchepa. Nditasuzumira kutsogolo ndaona rediyeta yadzaza fumbi ndi tizilombo takufa. Anyamata otsuka magalimoto akuti aipopere ndi makina awo amphamvu aja, ndipo mnzanga akuti ikauma ndiipake penti yakuda kapena oyilo kuti isachite dzimbiri. Ndichite ziti?"

Zikomo bambo polemba musanachite chilichonse, chifukwa malangizo onse awiriwa akhoza kukuwonongerani rediyeta yabwinobwino. Makina amphamvuwo muwakane, oyiloyo musapake.

Madzi otentha ochokera mu injini amayenda m'timachubu tophwatalala, ndipo pakati pa timachubuto pali tizitsulo topyapyala topindikapindika, tomwe amakaniko amati mafinzi. Mafinziwo ndi amene amatenga kutentha n'kukupereka ku mpweya wodutsa. Galimoto ikamathamanga mpweya umalowa wokha, koma ikaima pamdipiti chodalira ndi fani basi. N'chifukwa chake ndikuti musanakhudze madzi, yambani mwaona faniyo. Lizani injini, yatsani eyakoni, muyang'ane ngati ikuzungulira mwamphamvu. Ngati ili zii kapena ikuzungulira mofooka, vuto lili pamenepo, ndipo ngakhale mutsuke tsiku lonse muvi udzakwerabe.

Tinene kuti fani ili bwino. Chimene mwaona posuzumira kutsogolo chija mwina si rediyeta ayi. Pagalimoto ya eyakoni, choyamba kuoneka kuseri kwa bampala ndi kondensa, chipangizo chooneka ngati rediyeta chimene chimaziziritsa gasi wa eyakoni, ndipo rediyeta ili kumbuyo kwake. Pakati pa ziwirizi pali kampata kongolowa zala ziwiri, ndipo m'menemo ndi mmene mumabisala vuto lenileni. Kuno mvula imasiya mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala, miyezi yonseyo galimoto ikumeza fumbi, makamaka ngati mumalowa m'misewu yopanda tala ya ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere. Onjezani njere za udzu, timasamba touma, nthenga, tizidutswa ta mapepala a pulasitiki, ndi inswa zimene zimauluka mvula yoyamba ikagwa. Zonsezi zimadutsa pakondensa n'kukapanikizika pankhope ya rediyeta, n'kulukana kukhala chinthu chotuwa ngati bulangete. Kunja galimoto ikunyezimira, mkatimo mpweya ulibe podutsa. Kukada, walitsani tochi kuchokera mbali ya injini, wina ayang'ane ali kutsogolo. Pamene kuwala sikukutulukira, mpweyanso sukudutsa.

Ntchitoyi muigwire m'mawa injini ili yozizira. Chotsani kiyi ndipo mumasule waya wa batire wa mbali ya negative, yomwe ili ndi chizindikiro cha (-), chifukwa pamagalimoto ena fani yamagetsi imatha kuyamba yokha dzanja lanu lili momwemo. Pamwamba pa rediyeta pali tizitsulo tiwiri toigwira; mukatimasula, rediyeta imapendekeka pang'ono chakuinjini ndipo mpata uja umatseguka. Ipendeketseni mofatsa, osaikoka. Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki, nthawi zambiri kunsi kwa rediyeta kumalowa timapayipi ta oyilo wa giyabokosi, ndipo timeneto sitifuna kupindidwa. Ngati manja anu sanazolowere sipanala, makaniko wanu achite mbali imeneyi inu muli pomwepo.

Yambani kuchotsa zouma musanathire dontho la madzi. Ambiri amalakwa apa: amathira madzi pafumbi, fumbilo n'kusanduka matope omata mkati mwa mafinzi. Tengani bulashi yofewa yopakira penti, musese mopepuka osakanikiza, udzu ndi mapepala muzitola ndi zala. Ngati pali kompuresa, mpweya uchepetsedwe mphamvu ndipo uuziridwe kuchokera kumbuyo.

Kenako sungunulani sopo wamadzi wotsukira mbale m'chidebe, munyowetse mafinzi onse, mudikire mphindi 10 kuti tizilombo touma tifewe. Phimbani alternator (kamakina kotchaja batire) ndi bokosi la mafyuzi ndi pulasitiki. Tsopano tsukuluzani ndi payipi wamba ya kumpopi, madzi akutuluka mwakachetechete, kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo. Ichi ndi chimene ndikufuna mugwire kuposa zonse. Dothi linalowera kutsogolo, ndiye liyenera kutulukira komwe linalowera. Mukapopera kuchokera kutsogolo mukungolikankhira mkati. Payipi iloze molunjika, isabwere chammbali. Ngati chotchinga cha fani chikukulepheretsani, chimamasuka ndi mabawuti ochepa. Poyamba madzi adzatuluka ofiirira, ndipo muzipitiriza mpaka atayera. Kondensa muitsukenso chimodzimodzi.

Makina opopera mwamphamvu aja ndi abwino pamatayala ndi kunsi kwa galimoto, koma mafinzi ndi opyapyala moti chikhadabo chokha chimawapinda. Madzi amphamvu akawamenya chammbali amagona onse mzere umodzi, ndipo mudzaona zigamba zonyezimira pamene mpweya sudzadutsanso. Anyamatawo sachita dala, amangofuna kuti galimoto ya bwana iwale, choncho auzeni mwaulemu kuti kutsogoloko akusiye. Muwaletsenso caustic soda ndi asidi wamtundu uliwonse. Rediyeta za magalimoto amasiku ano ndi za aluminiyamu zokhala ndi matanki a pulasitiki, ndipo soda ameneyu amadya aluminiyamu. Mankhwala ochotsa mafuta mugwiritse ntchito okhawo amene botolo lake lalembedwa kuti sawononga aluminiyamu, ndipo muwatsukuluze asanaume.

Ikauma, iyang'anitsitseni. Mafinzi opindika amawongoka ndi kasikuludilaiva kakang'ono kophwatalala kapena kamtengo kotokosera m'mano, limodzilimodzi, mosamala kuti musaboole kachubu. Ndi ntchito yofuna kudekha, koma imapindula. Koma ngati mukawakhudza akungoyoyoka n'kusiya ufa woyera, rediyetayo yatha, gulani ina. Zoterezi zimaoneka pamagalimoto ena ochokera kumadera ozizira a Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa. Yang'ananinso pamsoko pamene pulasitiki yakumana ndi aluminiyamu. Mukaona zouma zoyera, zapinki kapena zobiriwira, ndiye kuti pamenepo pakudontha pang'onopang'ono. Tanki yapamwamba imene yasiya kuda n'kuyamba kufiirira yakalamba ndipo ikhoza kung'aluka tsiku lililonse. Chigamba cha mafuta pakondensa nthawi zambiri chimasonyeza kuti gasi wa eyakoni akuthawira pamenepo.

Tsopano za mnzanu uja. Maganizo ake ndi akale, a nthawi imene rediyeta zinali za kopa, monga za malole ndi ma Land Cruiser akale. Zimenezo zimapakidwadi penti yakuda yopyapyala yopangidwira rediyeta, kamodzi kokha mopepuka. Ya aluminiyamu sifuna penti, chifukwa chitsulochi chimadzipangira chokha kakhungu kochiteteza. Penti wamba yokhuthala imatseka timipata ta mafinzi n'kusunga kutentha mkati. Oyilo ndiye woipitsitsa m'tauni yafumbi ngati ino: fumbi lililonse lodutsa limamatirira, ndipo pakapita milungu yochepa mudzapeza phala lakuda lovuta kutsuka. Ngati tizitsulo togwira rediyeta tachita dzimbiri, timeneto ndiye mutipale n'kutipaka penti.

Chitetezo chimene ndimachikhulupirira ndi kawaya ka sefa koikidwa kuseri kwa bampala, kokhala ndi mabowo a mamilimita 5 kapena 6, kotalikirana pang'ono ndi kondensa. Kamagwira timiyala, ziwala ndi udzu, ndipo n'kothandiza kwambiri kwa oyenda maulendo aatali usiku, monga wa ku Chipata. Musaike neti ya udzudzu. Mabowo ake ndi aang'ono, amatsekeka msanga, ndipo mukamakwera mapiri a Manenekela pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa injini idzasowa mpweya pa nthawi imene ikuufunitsitsa. Kawayako nakonso kamafuna kusesedwa. Onaninso ngati chipulasitiki cha kunsi kwa injini chilipo, chifukwa ambiri amachitaya chikangothyoka, chonsecho ndi chimene chimatchinga matope m'nyengo ya mvula. Timasiponji ta m'mbali mwa rediyeta timakakamiza mpweya kudutsa m'mafinzi m'malo mozungulira, ndipo timalabala tomwe rediyeta imakhalapo timaiteteza ku kugwedezeka kwa m'maenje. Zotha zisinthidwe, si zodula.

Ine ndimati kutsuka kotereku kuzichitika kawiri pachaka: mu Seputembala kutentha kwa Okutobala kusanafike, ndiponso mvula ikatha.

Mwandifunsa zakunja, koma mundilole ndikhudze pang'ono zamkati. Mzinda wa Lusaka unakhala pamiyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zathu amasiya zoyera zolimba zija mumaziona m'ketulo. Amachitanso chimodzimodzi m'timachubu ta rediyeta. Muzithira coolant, madzi amankhwala opangidwira rediyeta, osati madzi a kumpopi okha. Komanso popeza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, madzi kuno amawira asanafike madigiri 100, choncho chivindikiro cha rediyeta chiyenera kukhala chogwira bwino, chifukwa ndi chimene chimasunga mphamvu ya mpweya mkatimo kuti madzi asawire msanga. Pogula china, onani nambala yolembedwa pa chakalecho, kaya 0.9 kaya 1.1, mugule chofanana nacho. Ndipo musachitsegule injini ili yotentha.

Mukatsuka, fani ili bwino, koma muvi n'kumakwerabe, pitani kugalaja akaone thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha), pampu ya madzi ndi mkati mwa rediyeta. Pakadali pano, muvi ukayandikira pofiira muli pamsewu, patukani, zimitsani injini, mudikire izizire. Mundilemberenso bambo, mundiuze zimene mwapeza pakati pa kondensa ndi rediyeta.