Jakisoni anali mmodzi, nanga pabilu palembedweranji 3?

Funso: Adokotala, bambo anga ali ku America ndipo amabayidwa jakisoni wa leuprolide pa miyezi itatu iliyonse chifukwa cha khansa ya prostate. Pabilu palembedwa J9217, kuchuluka kwake 3, komanso 96402 yomwe akuti ndi ya chemotherapy. Iwo anabayidwa kamodzi kokha, ndipo chemotherapy sanalandirepo. Kodi awabera?

Yankho: Mtima ukhale m'malo, pa zomwe mwatchulazi palibe cholakwika. Kumeneko mankhwala amakhala ndi nambala yake pabilu, ntchito yobaya nayo yake.

J9217 imaimira 7.5 mg ya leuprolide. Jakisoni wa miyezi itatu ndi wa 22.5 mg, ndiye mukagawa ndi 7.5 mupeza 3. Nambalayo ikuwerenga muyezo wa mankhwala, osati kuti singano inalowa kangati. Wa miyezi inayi, wa 30 mg, amalemba 4. Wa miyezi isanu ndi umodzi, wa 45 mg, amalemba 6. Amayi olandira fulvestrant pa khansa ya m'mawere amadabwa kuposa apa: J9395 imaimira 25 mg, choncho 500 mg imaoneka ngati 20.

96402 ndi nambala yobayira mankhwala a mahomoni olimbana ndi khansa, pansi pa khungu kapena mumnofu. Ili m'gulu la chemotherapy m'buku la CPT, la manambala a ntchito zachipatala, n'chifukwa chake mawuwo akuoneka. Mankhwala a bambo anu ntchito yake ndi kutsitsa testosterone, homoni ya amuna yomwe imakulitsa khansayi.

Pomwe pamasokonekera kawirikawiri ndi apa. Pali leuprolide wina wa nambala J1950, woyezedwa pa 3.75 mg, amene amapatsidwa kwambiri amayi a endometriosis (matenda omwe minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake) ndi zotupa za m'chiberekero. Wolemba bilu akasinthanitsa ziwirizi, kapena akaiwala C61, nambala ya khansa ya prostate, a inshuwalansi angakane kulipira. Angakanenso jakisoni akabayidwa tsiku lake lisanakwane. Kwa omwe ali pa Medicare, inshuwalansi ya boma la America yothandiza makamaka okalamba, kuyambira pa 1 July 2023 pabilu pamafunika chizindikiro JZ ngati mankhwala onse anaperekedwa, kapena JW pa gawo lomwe linatayidwa.

Bambo apemphe bilu yolembedwa mzere ndi mzere, aiyerekeze ndi pepala la inshuwalansi lotchedwa EOB, losonyeza zomwe inshuwalansi yalipira, aone tsiku, ma mg ndi nambala ya matenda. Zikasiyana, ofesi ya mabilu ikonze ndi kutumizanso. Koma chonde, jakisoni wotsatira asamudumphe podikira kuti za ndalama zithe, chifukwa testosterone ingakwerenso.