Kadamsana: sungani ndalama zanu za ku Luxor

Achimwene, mwafunsa kumene mungakaonere kadamsana wa dzuwa wathunthu kuchokera ku Manchester komwe mukukhalako, ndiponso kamera yoyenera kugula. Za kamera ndisiyira ena, ine ndiyankha za malo.

Amene akukulozerani ku Spain pa 12 Ogasiti 2026 sakunama, koma aiwala kukuuzani kuti kumeneko mdima udzagwa dzuwa litapendeka kale, ndipo sudzakwana ngakhale mphindi ziwiri. Pachilumba cha Mallorca, ku Spain komweko, dzuwa lidzakhala litatsala pang'ono kumira m'nyanja, moti kaphiri, nyumba yosanja kapena kamtambo kamodzi kumadzulo n'kokwanira kukubisirani zonse.

Mitambo ndimaiopa chifukwa inandigwiritsapo mwala. Pa 4 Disembala 2002, ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ine ndi anzanga tinayenda usiku wonse pagalimoto yobwereka kupita kumpoto kwa malo osungirako nyama zakutchire a Kruger kukaona kadamsana, ndipo kutacha tinapeza kumwamba kuli bii. Nthawi itakwana kunangoda, mbalame zinakhala chete, kamphepo kozizira kanadutsa, kenako kunayeranso, magalasi anga oonera kadamsana osatuluka n'komwe m'thumba la malaya. Anzathu amene anali ku Lusaka pa 21 Juni 2001, m'nyengo yopanda mvula, anaona dzuwa litaphimbika kwa mphindi zoposa zitatu, ndipo mpaka lero amandiseka.

Choncho dikirani wa pa 2 Ogasiti 2027, mupite ku Luxor m'dziko la Egypt. Kumeneko mdima udzatenga mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, kudera kumene mvula ndi mlendo. Vuto lake ndi kutentha, chifukwa mu Ogasiti kumapitirira madigiri 40, ndipo musadabwe mukapeza kuti chipinda chogona chakwera mtengo kawiri kapena katatu mlungu umenewo. Lipiriranitu msanga, makamaka chipinda chokhala ndi makina oziziritsa. Thumba likakana, Tangier ku Morocco ali m'njira ya kadamsana yemweyo ndipo adzapatsidwa mphindi zoposa zinayi.

Wa pa 25 Novembala 2030 adzadutsa ku Namibia, Botswana ndi South Africa, koma ine ndingasankhe Namibia osati Durban, poti ku Durban imeneyo ndi nyengo ya mvula.

Magalasi oonera kadamsana sakwera mtengo, koma muonetsetse kuti alembedwa ISO 12312-2, chizindikiro chosonyeza kuti amatetezadi maso poyang'ana dzuwa. Amene angakuuzeni kuti magalasi akuda wamba kapena beseni la madzi n'zokwanira musamumvere, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumawotcha mkati mwa diso munthu osamva kupweteka kulikonse.