Vitz ikunjenjemera pa maloboti: kodi giyabokosi yatha?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Ali ndi Toyota Vitz ya 2008, ya otomatiki. Akuti akaima pa maloboti giya ili pa D, chiwongolero ndi mpando zimanjenjemera, koma akaika pa N zimachepa. Makaniko wawauza kuti asinthe giyabokosi, ndiye akufunsa ngati atero.

Mayi, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Mukaponda buleki giya ili pa D, injini imakhala ikukankhabe kudzera mu torque converter (chipangizo cha mafuta cholumikiza injini ndi giyabokosi), ngati ng'ombe yomangidwa pangolo yoima. Katunduyo amatsitsa liwiro la injini, ndipo kavuto kalikonse kamene kanabisala pa N kamaonekera. Giya imangoulula, siyolakwa.

Komanso Vitz zambiri za 1.0 zili ndi injini ya 1KR-FE, ya masilinda 3 okha. Injini yotere imagwedera pang'ono ngakhale ili bwinobwino, ndipo chimene chimakutetezani ndi ma mounting, mphira zija zimene injini imakhalapo. Galimoto ya 2008 yoyenda m'misewu yathu yokumbikayi, mphirazo n'kutheka zinauma kapena kung'ambika. Ine ndingayambire pamenepo. Wina aponde buleki mwamphamvu, asinthe pakati pa D ndi R, makaniko aone ndi boneti yotsegula, ataima pambali. Injini ikamadumpha, mwapeza wakuba.

Yang'anitsitsaninso muvi wa rpm, wosonyeza liwiro la injini, ngati ulipo. Injini ikatentha iyenera kukhazikika pakati pa 600 ndi 800. Ukamakwera n'kutsika, makamaka mukayatsa AC, n'kutheka throttle body (khomo lolowetsa mpweya mu injini) yadzaza mwaye ndi fumbi, kapena kapaipi kena ka mpweya kaboola. Kutsuka sikudula, koma makaniko akamaliza aonetsetse kuti kompyuta ya galimoto yaphunziranso idling yake, ndiko kuti liwiro la injini galimoto ikaima. Ambiri amaiwala, mwini galimoto n'kubwerera mawa lake ali wokwiya.

Mapulagi ndi makoyilo, amene amayatsa petulo m'masilinda, nawonso aonedwe. Silinda imodzi mwa zitatu ikamaphonya, simungalephere kumva. Pa makina oyezera a OBD2, amene amawerenga zovuta mu kompyuta ya galimoto, pamatuluka P0301, P0302 kapena P0303, nambala yomalizayo n'kukuuzani silinda yake.

Giyabokosi ndimaikayikira pokhapokha galimoto ikamazima mukaima, ngati ya manyuwo imene mwaiwala kuponda kilachi, kapena ikamachedwa kugwira mukaika pa D. Zimenezo simunazitchule. Pitani kwa makaniko wina amene ali ndi makina oyezera, ndipo mundiuze zimene apeze.