Kamera yobisa m'golosale? Achimwene, ayi

Imelo yanu ndaiwerenga, achimwene a ku Joni. Mukuti muli ndi golosale pa Santhe, akugulitsamo ndi alamu anu, ndalama sizikukwana, ndiye mukufuna kamera yaing'ono yoti muziona pa foni iwo osadziwa. Funso lanu landikhudza kwambiri chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo, ya munthu woonedwa.

Ndisanayambe ntchito ya makompyuta ndinkagulitsa m'shopu ya zipangizo za ulimi pa Kasungu boma. Mwini wake ankakhala ku Lilongwe. Nyengo ya fodya, alimi akagulitsa mabelo awo ku Chinkhoma, shopu inkadzaza kuyambira m'mawa: feteleza, mbewu, makasu, mankhwala opopera. Tsiku lina abwana anandiimbira foni n'kufunsa chifukwa chomwe ndinakhalira pansi masana, komanso kuti mayi amene ndinacheza naye pa kauntala anali ndani. Thupi lonse linazizira. Kamera anali ataiika kuseri kwa makatoni pamwamba pa shelefu, osandiuza. Kuyambira pamenepo ngakhale nsima ndinkadya ndikuyang'ana kudenga. Sindinabepo ngakhale tambala, koma ndinayamba kuyenda mwamantha m'shopu yomwe ndinkaitsegula ndekha tsiku lililonse.

Ndalama zinkasowadi, izi sindikana. Zinkathera m'buku la ngongole. Abale a abwanawo ankabwera n'kunena kuti lembani, tidzalipira tikagulitsa fodya, ndipo ine wolembedwa ntchito ndikanawakaniza bwanji achemwali a mwini shopu? Kamera inkaona thumba la feteleza likutuluka pakhomo, koma ngati lalipiridwa kapena ayi, inalibe nazo ntchito. Ndikukayikira kuti kwanunso nkhani ndi yomweyo. Muli kunja, ndipo kumudzi aliyense akudziwa kuti golosaleyo ndi ya mwana wathu wa ku Joni. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimatuluka m'dzina lanu.

Ndiye ndinene mosabisa: kubisira m'bale wako kamera ndi kumugamulira mlandu asanayankhepo. Ndipo adzaitulukira ndithu, chifukwa makamera ambiri amafuna waya wa magetsi, ndipo amaonetsa timanyali tofiira usiku. Tsiku limenelo nkhani ya ndalama idzatha, idzatsala ya ulemu. Idzafika kwa akazi anu, kwa apongozi, mwina mpaka kwa ankhoswe.

Chimandipweteka kwambiri ndi chomwe ndikuona m'makomo masiku ano. Amuna ena ali kunja akuika makamera pabalaza, ena mpaka kuchipinda, akuti akuteteza katundu pomwe akulonda akazi awo kapena mtsikana wantchito. Kumeneko si kuteteza nyumba, ndi nkhanza. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wokhala ndi chinsinsi, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza mauthenga okhudza munthu la Data Protection Act lomwe bungwe la MACRA limayang'anira. Nkhope ya munthu pa kanema si yongoseweretsa chifukwa choti kamera mwagula ndinu.

Komanso ambiri sadziwa kuti si iwo okha omwe angathe kuona. Makamera otchipa amabwera ndi pasiwedi ya kufakitale, nthawi zina mawu akuti admin basi, ndipo anthu saisintha. Mu 2014 panali webusaiti yomwe inkaonetsa poyera makamera masauzande a m'nyumba za anthu padziko lonse chifukwa cha zimenezi. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi marauta (tizipangizo togawa intaneti m'nyumba) ochuluka kudzera pa mapasiwedi omwewo. Ganizirani ana anu akuvala pabalaza, munthu wachilendo akuwaonera ali kutsidya la nyanja.

Nanga mugule chiyani?

Kamera ikani, koma poyera, alamu anu akudziwa, ndipo iwonso akhale nayo pa foni yawo. Iloze pakhomo ndi pomwe pamalowera katundu, cholinga chikhale akuba a usiku, omwe nawonso amaopa akaiona. Poti magetsi amazimazima, yabwino ndi ya sola yokhala ndi batire komanso polowetsa simu kadi ya 4G. Musanagule, wina ayese TNM ndi Airtel ali m'golosale momwemo, aone yomwe ikugwira bwino. Ikanimo memory card kuti izijambula ngakhale netiweki itachoka, ndipo muitchere kuti izikutumizirani uthenga pokhapokha chinthu chikayenda. Mukamaonera tsiku lonse bandulo idzakulizani: kanema woyenda pa liwiro la intaneti la 1 Mbps amadya pafupifupi 450 MB pa ola limodzi. Ngati ndalama zavuta, foni yakale yokhala ndi pulogalamu ngati Alfred Camera imagwira ntchitoyi, kungoti usiku siona bwino. Pasiwedi musinthe tsiku loyamba lomwelo.

Za ndalama zosowazo, gwirizanani kuti katundu aziwerengedwa Loweruka lililonse, akutumizireni chithunzi cha buku pa WhatsApp, ndipo zogulitsa za tsikulo zizilowa pa Mpamba kapena Airtel Money madzulo aliwonse. Kenako muimbire abale anu nokha, muwauze ndi pakamwa panu kuti ngongole m'golosalemo yatha. Ntchito imeneyo musawasiyire alamu anu.